Kuimba ndi looper: mafunso ndi mayankho kwa woimba amene ali yekha pa siteji

Mu June 2017, Ed Sheeran anatseka chikondwerero cha nyimbo cha Glastonbury ku England ali yekhayekha, gitala pachifuwa, chipangizo kumapazi. Ena mwa amene anaonera pa wailesi yakanema anadandaula kuti akuwaimbira nyimbo yojambuliratu, poti gitala inkamvekabe iye atachotsa zala pa nsambo. Mwini wake anafotokoza kuti zonse zinkaimbidwa pomwepo, ndipo chimene chinkabwereza mawu a gitala chinali looper. Kuchokera nthawi imeneyo achinyamata ambiri oimba akhala akufunitsitsa chipangizochi. Amene achipeza amazindikira msanga kuti kuchigula n'kosavuta poyerekeza ndi kuchiimbitsa bwino.

Kodi looper ndi chiyani, nanga imagwira bwanji ntchito?

Ndi kachipangizo kojambula mawu kamene kamabweza zomwe kajambula nthawi yomweyo, n'kumazibwereza osapumira. Nthawi zambiri kamakhala pansi ndipo mumakayendetsa ndi phazi, chifukwa manja amakhala ali pa gitala. Titenge Ditto ya kampani ya TC Electronic, yomwe ili ndi batani limodzi lokha. Mukaponda koyamba, yayamba kujambula. Mukapondanso, yasiya kujambula n'kubwerera pomwe inayambira. Kachigawo kamene kakuzungulirako ndiko oimba amati loop. Mukaponda kachitatu, zomwe mukuimba tsopano zimasanjikizika pamwamba pa zoyamba zija, ndipo kusanjikizaku amati overdub. Kuponda kawiri mofulumira kumaimitsa loop. Kuponda n'kukanikizabe kumachotsa chomwe mwasanjikiza komaliza, ndipo kuchotsaku amati undo.

Chofunika kuchidziwa poyambirira pomwe ndi ichi: pa looper ya mzere umodzi ngati imeneyi, yosunga loop imodzi yokha, utali wa loop yoyamba ndiwo ulamulira nyimbo yonse. Ngati yoyamba yatenga masekondi 8, china chilichonse chomwe mudzasanjikize chizizungulira m'masekondi 8 omwewo.

Kodi ndi chinthu chatsopano?

Ayi. Mu 1963, ku Paris, Terry Riley wa ku America ankagwiritsa ntchito makina awiri a tepi, amodzi ojambula ena obweza, tepi imodzi itadutsa m'makina onse awiri. Robert Fripp ndi Brian Eno anatenga njira yomweyo pokonza chimbale chawo cha No Pussyfooting chomwe chinatuluka mu 1973. Makinawo anali olemera komanso odula, choncho luso limeneli linali la anthu ochepa. Zinthu zinasintha pamene ma looper ang'onoang'ono oponda anafika m'masitolo: DL4 ya Line 6 mu 1999, yomwe inkasunga masekondi 14, ndi RC-20 ya Boss mu 2001. Mu 2004 KT Tunstall wa ku Scotland anaonekera pa pulogalamu ya Jools Holland pa BBC akumanga nyimbo yake ya Black Horse and the Cherry Tree ndi gitala, maseche, m'manja ndi mawu ake, anthu akuona. Richard Bona wa ku Cameroon naye amadziwika ndi kusanjikiza mawu ake pa siteji mpaka kumveka kwaya yathunthu.

Kuno kwathu nyimbo yozungulira si yachilendo, ndipo phazi la woimba linayamba kalekale kugwira ntchito. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba babatoni ndi manja uku phazi likumenya ng'oma. A Madalitso Band ndi anthu awiri okha, koma ng'oma yawo ikuchokeranso kuphazi. Iwo sagwiritsa ntchito looper, koma luso limene looper imafuna, la phazi lomvana ndi dzanja, ali nalo lonse. Woimba wa kuno amene akuphunzira chipangizochi aziwaonerera amenewa mwachidwi chofanana ndi chimene amaonerera nacho Sheeran.

Loop yanga imatsimphina ikamabwerera poyambira. Vuto lili pati?

Ili ndiye funso lalikulu, ndipo amene walithetsa wathetsa theka la mavuto onse a looper. Vuto lili pa nthawi yomwe phazi likutsika.

Tinene kuti mukuwerenga 1, 2, 3, 4, ndipo makodi anu akutenga maulendo anayi a kuwerenga kotere, zomwe oimba amati ma bar anayi. Kuponda koyamba kuchitike pa wani weniweni. Apa ambiri salakwitsa. Polakwikira ndi potseka. Woimba akamenya kodi yomaliza, mtima umamuuza kuti wamaliza, ndiye amaponda pomwepo, pa 4 kapena patangodutsa 4. Loop imafupika, ndipo ikamabwerera imadumpha. Wina poopa zimenezi amadikira pang'ono, n'kusiya kampata kachete kumapeto. Malo oyenera kupondapo ndi pa wani wa ulendo wotsatira. Dzanja limenye kodi yoyamba ija ngati kuti nyimbo ikupitirira, phazi litsike limodzi ndi dzanjalo. Musaimitse dzanja kuti muponde.

Tione kukula kwa vutoli ndi manambala. Nyimbo ikamayenda pa liwiro la kugunda ka 120 pa mphindi, kugunda kumodzi ndi theka la sekondi, bar imodzi ndi masekondi 2, ma bar anayi ndi masekondi 8. Mukachedwa kuponda ndi masekondi 0.05 okha, khutu la munthu wovina limamva kale kuti pali chokhumudwitsa. Ndipo ngati pali wina amene akusunga liwiro lenileni pambali, loop ikazungulira ka 20 mwasiyana naye ndi sekondi yathunthu, kutanthauza kugunda kuwiri. Looper siikonza kanthu. Imabweza cholakwika chija nthawi iliyonse mpaka nyimbo itatha.

Pali zizolowezi zingapo zimene zimathandiza. Musayambe kujambula gitala itangoyamba kulira. Imbani makodiwo kawiri kaye, thupi lilowe m'nyimbo, kenako mujambule ulendo wachitatu. Mukajambula ulendo woyamba, mumayamba pang'onopang'ono n'kumathamanga chakumapeto, ndipo polumikizira pamaonekera. Chidendene chikhale pansi, chala chachikulu chili kale pamwamba pa batani, kuti phazi lisachokere kutali. Dziwani batani lanu: lina limagwira mukangolikhudza, lina mpaka litsike ndithu. Nsapato nazo zili ndi gawo lake. Mapatapata amapindika ndipo amachedwetsa, choncho phunzirani mutavala nsapato zomwe mudzavale pa siteji.

Pophunzira, siyani kaye makodi. Gwirani nsambo ndi dzanja lamanzere kuti zisalire, mukhwekhwereze ndi lamanja bar imodzi yokha, muitseke. Tsinzinani, mvetserani. Ngati mukutha kuloza pomwe loop ikulumikizana, fufutani muyambirenso. Mukafika poti inu eni simukupezanso polumikizira, onjezerani bar yachiwiri.

Kanthu kena kakang'ono: ngati mukuimba ndi reverb kapena delay, mchira wa kodi yomaliza umadukiza mukatseka loop. Ma looper ambiri a Boss amalola kusankha kuti kuponda kwachiwiri kukulowetseni mu overdub m'malo mongobweza. Mukatero mchirawo umagwera pamwamba pa chiyambi cha loop, ndipo polumikizira pamasalala.

Ndiyambe kujambula chiyani?

Chomwe chigwire liwiro. Pa gitala ya bokosi, menyani ndi chikhatho pafupi ndi pomangirira nsambo kuti mupeze mawu akuya a ng'oma yaikulu, ndipo menyani ndi zala m'mphepete mwa bokosi kapena pa nsambo zogwiridwa kuti mupeze mawu othetheka. Mukatero bwerani ndi makodi, kenako besi. Mawu otsogolera nyimbo musawajambule. Amenewo muziimba pakamwa, anthu akumva kuti akuchokera kwa munthu.

Kumbukirani za utali zija. Ngati makodi anu akufuna ma bar anayi ndipo looper yanu ndi ya mzere umodzi, ng'oma nayo muimenye ma bar anayi athunthu. Mukaimenya bar imodzi n'kutseka, mwadzitsekera m'kabwalo komwe makodi sangakwanemo. Ma looper a mizere ingapo, monga RC-300 ya mizere itatu, ndiwo amalola kuti ng'oma ikhale bar imodzi pa mzere woyamba, makodi n'kutenga ma bar anayi kapena asanu ndi atatu pa wachiwiri.

Nyimbo zathu zina, monga za manganje, sindikupeza pomwe pali wani. Nditani?

Magule athu ambiri amayenda mwa katatukatatu, zomwe a sukulu ya nyimbo amalemba kuti 6/8 kapena 12/8, ndipo gitala ndi mawu zimakonda kulowa wani asanafike. Mukatsatira pomwe gitala ikulowera, muponda msanga. Tsatirani phazi la wovina. Imirirani, vinani pang'ono gule wake musanajambule, ndipo pomwe thupi likutsikira mwamphamvu poyambira chizungulire ndi pomwe pali poponda.

Kodi yolowa msanga ija ili ndi vuto lakelake: ikakhala mu loop yoyamba, polumikizira pamaidula pakati. Njira yake ndi yoti loop yoyamba ikhale yosavuta, yoyambira pa wani ndendende, monga kugunda kwa chikhatho kapena kwa chisekese. Gitala yolowa msanga ija muiike ngati overdub, chifukwa overdub imadutsa polumikizira osaduka.

Chenjeraninso ndi ng'oma zomwe zimabwera kale m'kati mwa ma looper ena, komanso ndi quantize, yomwe imakankhira kuponda kwanu pa kugunda kwapafupi. Kawirikawiri zimenezi zimabwera zitatcheredwa pa 4/4. Mukaimba manganje zili choncho, makina alimbana nanu. Sinthani zikhale pa 6/8 ngati looper yanu imalola, apo ayi zizimitseni mudalire phazi. Ine ndimaona kuti kuzimitsa ndiko kwabwino. Kukoma kwa magule athu kuli m'katsamira kena komwe makina akakawongola gule amauma.

Ndikasanjikiza kanayi kapena kasanu zimangomveka phokoso. Chifukwa chiyani?

Chifukwa zonse mukuziika pamalo amodzi. Woimba amajambula makodi a nsambo zonse zisanu ndi imodzi, n'kusanjikizanso makodi omwewo m'kamenyedwe kena, kenako n'kuwonjezera kanyimbo pa nsambo zapakati zomwezo. Mawu onsewa akulimbirana dera limodzi, lomwenso ndi dera la mawu a munthu.

Chosanjikiza chilichonse chikhale ndi dera lake. Nsambo yaikulu ya gitala imalira pafupifupi pa 82 Hz, pomwe ya besi ili pafupifupi pa 41 Hz, theka lake. N'chifukwa chake oimba ambiri a looper amakhala ndi pedo ya octave, yomwe imatsitsa gitala kuti imveke ngati besi. Besi ikhale pansi, notsi imodziimodzi. Makodi akhale pakati, ndipo nsambo zitatu kapena zinayi zimakwana. Tokometsera tikhale pamwamba, chakumunsi kwa khosi la gitala kapena mutaika kapo.

Chachiwiri ndi nthawi. Amayi awiri akamasinja mu mtondo umodzi, musi wina ukamatsika wina umakhala ukukwera. Ikatsikira limodzi imagundana. Besi ikalankhula, makodi apume. Makodi akadzaza kugunda konse, tokometsera tilowe kamodzi kokha pa bar. Pojambula loop yoyamba muziganizira zomwe zikubwera m'mbuyo, n'kuzisiyira mipata dala. Woimba amene anazolowera kudzaza yekha nyimbo yonse ndi gitala zimamuvuta kwambiri kuimba zochepa chonchi, koma palibe njira ina.

Ndiye pali za voliyumu. Chosanjikiza chilichonse chimawonjezera mphamvu, ndipo mukayamba mokweza, pofika chachinayi mawu ayamba kusweka. Yambani motsitsa. Loop yonse ikhale pansi pang'ono poyerekeza ndi zomwe mukuimba pompopompo, kuti solo yanu ndi mawu anu zikhale patsogolo. Ndipo mukamaliza kusanjikiza, tulukani mu overdub nthawi yomweyo. Mukaiwala, looper ipitiriza kutola kusosola kwa mawaya, kukhwekhwereza kwa zala ndi chifuwa cha munthu wakhala kutsogolo, n'kumaziunjika. Kwa ine zosanjikiza zitatu kapena zinayi zimakwanira nyimbo zambiri.

Pa mndandanda wa mapedo, looper ikhale pati?

Kumapeto, isanafike ampu kapena mikisa. Gitala idutse mu tuner, octave, distortion, delay ndi reverb, kenako looper. Mukatero chosanjikiza chilichonse chimajambulidwa ndi mawu akeake: besi yotsitsidwa, makodi oyera, solo yokhadzula. Looper ikakhala kutsogolo, mukangoyatsa distortion ya solo, loop yonse ikhadzuka nayo. Ngati kukhadzulako kumachokera mu ampu, lumikizani looper pa mabowo a send ndi return kumbuyo kwa ampuyo.

Ampu yaing'ono ya gitala siingasenze besi, ng'oma ndi makodi nthawi imodzi. Pa siteji ndi bwino kudutsa mu DI box kupita ku mikisa, masipika aakulu asenze katunduyo. Looper imathandizanso poyesa zida anthu asanafike: jambulani loop, ikani gitala pansi, tsikani mukaime kumbuyo kwa holo, mudzimvere nokha momwe anthu adzakumvereni.

Ndikufuna kusanjikiza mawu anga, koma maiki ikumalira. Ndingapewe bwanji?

Choyamba, maiki imafuna looper yokhala ndi bowo la XLR, monga RC-30, RC-300 kapena RC-505, kapena mudutse mu kamikisa kakang'ono. Kulirako kumabwera motere: loop ikutuluka mu sipika yomwe ili kumapazi kwanu, maiki ikuitola, looper ikuijambulanso. Ulendo wotsatira ijambulanso zomwe inajambulanso zija. Pakangopita maulendo angapo mawu amasanduka a m'chitini, kenako mluzu wobaya m'makutu uja umayamba.

Gwiritsani ntchito maiki yotola za kutsogolo kokha, monga SM58 ya Shure, ndipo kumbuyo kwake kuloze ku sipika ya kumapazi. Milomo ikhale pafupi kwambiri ndi maiki kuti musafunike kukweza gain. Musaphimbe mutu wa maiki ndi chikhatho, chifukwa mukatero imayamba kutola za mbali zonse. Pamene mukujambula gitala, maiki izikhala yozimitsa kapena isalowe mu looper. Gitala ya bokosi nayo imatola mawu a sipika kudzera pa bowo lake. Chotsekera cha labala chimachepetsa zimenezi. Njira yothetseratu vutoli ndi kumvera loop m'mahedifoni a m'khutu n'kuzimitsa sipika ya kumapazi.

Mahedifoni ali ndi phindu linanso. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi. M'holo ya malata ndi simenti, khoma limene lili pa mamita 17 limakubwezerani mawu patapita gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Mukatsatira mawu obwererawo posanjikiza, chilichonse chimene muike chikhala chochedwa. Mverani loop kuchokera pafupi nthawi zonse.

Nanga ndikalakwitsa anthu akuona?

Ngati cholakwika chili mu chosanjikiza, chichotseni ndi undo ulendo womwewo. Koma undo imachotsa chomaliza chokha, ndipo chomalizacho ndi zonse zomwe mwaimba chilowereni mu overdub. Ngati munaika besi ndi tokometsera osatulukamo, zonse zipita limodzi. Choncho muzituluka mu overdub pakati pa chosanjikiza china ndi chinzake.

Ngati yalakwika ndi loop yoyamba, musaumirire. Palibe chosanjikiza chimene chingaibise, ndipo mukhala nayo mphindi zinayi. Ifufuteni pomwepo, dzanja likupitiriza kuimba, n'kujambulanso pa wani wotsatira. Anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti pachitika kanthu, ndipo amene adziwa amakulemekezani. Phunziraninso kufufuta mwakachetechete, popeza ma looper ena amayamba atulutsa kachidutswa ka loop yakale musanamalize kukanikiza. Musanayambe nyimbo ina, yang'anani nyali ya looper mutsimikize kuti ilibe kanthu. Chunaninso gitala musanajambule, chifukwa nsambo yotsika ikalowa mu loop imakhalamo mpaka mapeto.

Anthu amatopa ndikamamanga loop. Komanso nyimbo yanga ili ndi vesi ndi kolasi za makodi osiyana.

Apa ndi pomwe woimba wa looper amasiyana ndi munthu wongoonetsa chipangizo. Loop ya masekondi 8 mukaisanjikiza kasanu, n'kumamvetsera kamodzi pakati pa chilichonse, yadutsa mphindi yathunthu musanatsegule pakamwa. Nyimbo yoyamba anthu achita chidwi. Yachitatu ayamba kuyang'ana mafoni. Anthu anabwera kudzamva nyimbo, ndipo nyimbo ndi mawu, uthenga ndi kayendedwe kake.

Musamange nyumba yonse musanayambe kuimba. Jambulani ng'oma yokha, mulowe vesi yoyamba mukuimba makodi ndi manja. Besi muiike polowa kolasi. Mawu othandizira muwaike pa kolasi yachiwiri, uku mukuimba. Mukatero nyimbo imakula pang'onopang'ono ndipo womvera amakhala ndi choyembekezera. Pakati pa nyimbo imitsani loop yonse, patsale mawu ndi gitala, kenako muibweretsenso pa wani. Kubwerera kumeneko kumadzutsa anthu kuposa chosanjikiza china chilichonse. Undo nayo ndi chida choimbira: chotsani tokometsera pa vesi, mutibwezere ndi redo pa kolasi.

Za makodi osiyana, pali njira ziwiri. Yosavuta ndi yoti mu loop mukhale ng'oma yokha yopanda notsi, makodi onse muziimba ndi manja, ndipo mutha kupita kulikonse. Inayo ndi looper ya mizere iwiri kapena kuposerapo: ng'oma pa mzere wake wosazima, vesi pa wina, kolasi pa winanso. Ubwino wake, nyimbo zathu zambiri, za kwela, za kwaya ndi za bandi zomwe, zimazungulira pa makodi atatu omwewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, monga G, C ndi D. Zoterezi zimakwanira bwino mu looper ya batani limodzi. Nyimbo yosinthasintha liwiro kapena kii ingoimbani ndi gitala yokha. Si nyimbo iliyonse imene imafuna loop, ndipo pulogalamu yabwino imasakaniza.

Kodi ndingaigwiritse ntchito ndi woimba ng'oma, kapena kutchalitchi?

Zimatheka, koma looper siimva munthu. Woimba ng'oma ndiye ayenera kuitsatira, ndipo kuti atero ayenera kuimva bwino m'sipika yake kapena m'mahedifoni. Akapanda kuimva, musiyana musanafike kolasi. Ma looper aakulu amalumikizana ndi kiyibodi kapena makina a ng'oma kudzera pa MIDI kuti zonse ziyendere liwiro limodzi. Njira ina ndi kujambula mawu otalika opanda kugunda, monga kodi yolowa mofewa, omwe sasemphana ndi ng'oma ngakhale liwiro litasuntha.

Kutchalitchi nkhani ndi ina. Mpingo ukayamba kuomba m'manja umathamanga, wotsogolera amabwereza kolasi momwe mtima wamutumira, amayi amalowetsa nthungululu. Zonsezi ndiye moyo wa kuimba kwa mpingo, ndipo sikoyenera kuwakakamiza anthu mazana kutsatira kabokosi. Igwiritseni ntchito pa nyimbo yapadera ya munthu mmodzi kapena pa nthawi ya pemphero, pomwe pakufunika mawu ofewa pansi. Mpingo ukaimirira, iimitseni.

Nyimbo ndingaimalize bwanji?

Konzeranitu mapeto musanakwere pa siteji. Pa looper ya batani limodzi, kuponda kwachiwiri pa kuponda kawiri kuja ndiko kumaimitsa, choncho koyamba kubwere wani asanafike, kwachiwiri kugwere pa wani, dzanja likumenya kodi yomaliza. Ma looper okhala ndi batani lapadera loimitsira amapeputsa ntchitoyi. Mungathenso kutsitsa loop pang'onopang'ono, kapena kuiimitsa kolasi yomaliza isanayambe n'kumaliza ndi mawu okha.

Ndigule iti? Nanga foni singagwire ntchitoyi?

Woyamba kumene agule ya batani limodzi. Ditto, yomwe inatuluka mu 2013, imasunga mphindi 5 koma siilowa batire. RC-1 ya Boss imasunga mphindi 12, imalowa batire la 9V, ndipo ili ndi nyali zozungulira zosonyeza pomwe loop yafika, zomwe zimathandiza pophunzira. Kumalo komwe magetsi amathimathima kapena komwe mukudalira jenereta, batire si chinthu chochepa. RC-505 ili ndi mizere isanu ndipo mumaiyendetsa ndi zala pa tebulo. Imeneyo ndi ya oimba ndi pakamwa ndi a beatbox, osati a gitala. Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, pondani batani kambirimbiri musanapereke ndalama, chifukwa ndilo limayamba kutha.

Samalani ndi adaputa. Mapedo ang'onoang'onowa amafuna 9V DC yomwe pakati pa pulagi pali negative. Adaputa ya dikoda imalowa bwinobwino pa bowo lomwelo, koma kawirikawiri imakhala ya 12V ndipo pakati pake ndi positive. Ikhoza kuwotcha looper. Werengani zomwe zalembedwa pa adaputa musanalumikize. Adaputa zotchipa zimabweretsanso kung'ung'udza komwe kumaunjikana pa chosanjikiza chilichonse.

Foni ndi kompyuta zimatha ndithu. Pa iPhone ndi iPad pali Loopy Pro, pa kompyuta pali Ableton Live. Mdani wake ndi kuchedwa kwa mawu pakati pa kuimba ndi kumva. Kukakhala pansi pa masekondi 0.01 sikusokoneza, koma mahedifoni a Bluetooth amachedwa kwambiri kuposa pamenepo ndipo simungaimbe nawo. Pamafunika mahedifoni a waya, audio interface, ndi chopondera ngati manja ali pa gitala. Mukawerengera zonsezi, mtengo wake ukhoza kufanana ndi wa looper yeniyeni.

Kodi si chinyengo chimenechi? Nanga sichilanda ntchito oimba anzathu?

Ngati mawu aliwonse ajambulidwa pamaso pa anthu, palibe chinyengo. Ma looper ena, monga RC-5, ali ndi malo 99 osungiramo zojambuliratu, ndipo si tchimo kuwagwiritsa ntchito, koma musanamizire kuti mwazipanga pomwepo. Za ntchito, looper siingalowe m'malo mwa woimba besi amene amamva kuti mwatopa n'kukunyamulani, kapena woimba ng'oma amene amaona kuti anthu afuna kuvina n'kukoka liwiro. Imathandiza pomwe bandi singafike: pa malo odyera aang'ono, pa ukwati wa ndalama zochepa, m'chipinda popeka nyimbo usiku. Imaphunzitsanso woimba kumva mbali za anzake, chifukwa aliyense amene anayesapo kudziimbira yekha besi amabwerera ku bandi akudziwa kusiyira ena malo.

Ndaipeza kumene. Ndiyambire pati?

Sabata yoyamba, mphindi khumi tsiku lililonse, bar imodzi ya nsambo zogwiridwa, kutsegula ndi kutseka basi. Yachiwiri, ma bar anayi a makodi atatu, mutayamba mwaimba kawiri musanajambule. Yachitatu, onjezerani besi ndi chosanjikiza chimodzi, muphunzire undo, kuimitsa pa wani ndi kufufuta mwakachetechete osayang'ana pansi. Yachinayi, sankhani nyimbo imodzi yomwe mumaidziwa bwino, muiimbe yonse mutaimirira, mawu alowe pasanathe masekondi 30, ndipo mudzijambule pa foni kuti mudzimvere mawa lake. Kenako muimbireni mnzanu wodziwa kuvina. Akavina osakhumudwa polumikizira, mwakonzeka kukwera nayo pa siteji. Ngati akuima n'kukuyang'anani nthawi iliyonse loop ikabwerera, bwererani ku bar imodzi ija kaye.